Lumo pa Mutu wa Mfumu Sindilakwa

Kuseri kwa mapiri amene ana sawaphunzira kusukulu kuli dziko lotchedwa Zilibwino. Dzinali silinabwere mwangozi. Munthu wa kumeneko ukamufunsa za moyo, ngakhale denga litamugwera dzulo, amayankha kuti zili bwino, kenaka n'kucheuka kuti aone ngati wina wamumva. Likulu la dzikoli ndi mzinda wa Ombanimmanja, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, amene analowa ufumu wa amalume ake, Sindilakwa Woyamba. Amalumewo nawonso sanalakwepo chilichonse kufikira tsiku limene anakwera bulu chammbuyo n'kugwa.

Anthu a ku Zilibwino sadandaula, koma si kuti alibe pakamwa. Makolo awo anawasiyira mwambo umodzi wotchedwa Chimeto. Mfumu siiloledwa kumeta chaka chonse. Anthu akatha kukolola, imakhala pamphasa pakati pa bwalo, imavula nduwira, ndipo mlongo wake wamkulu amaimeta mpala. Lumo likangokhudza mutu wa mfumu, munthu aliyense, ngakhale wootcha makala, ali ndi ufulu woimirira n'kunena chimene chikumuwawa, ndipo mfumu iyenera kumuyankha pomwepo. Palibe amene amamangidwa chifukwa cha mawu a tsikulo. Koma tsitsi lomaliza likagwa pansi, pakamwa ponse pamatsekedwa mpaka chaka chinacho. Ndiye kuti ku Zilibwino ufulu wolankhula umatalika kapena kufupika malinga ndi tsitsi la mfumu.

Sindilakwa atangolowa ufumu anali ndi tsitsi lochititsa nsanje, ndipo Chimeto chinkayamba m'mawa n'kutha anthu atamva njala. Koma zaka zitapita, chipumi cha mfumu chinayamba kukwera phiri, paliwombo panatseguka bwalo lina, ndipo mabwalo awiriwo anakumana. Pa Chimeto cha chaka chathachi mkulu wina anaimirira kuti adandaule za mlatho umene unakokoloka pamtsinje wa Sitiwoloka, koma asanamalize n'komwe kupereka moni, kumeta kunatha. Mawa lake boma linalengeza kuti lumo la chaka chimenecho linali lakuthwa modabwitsa.

Mfumu yochenjera ikanavina, chifukwa dazi linali litaichotsera madandaulo onse popanda kumanga munthu. Koma Sindilakwa ankakonda galasi kuposa mtendere. Nkhope yake inali pazitenje zonse za m'dzikomo ili ndi tsitsi lake lakale lija, ndipo mayi aliyense akadutsa atavala chitenjecho, mfumu inkamva ngati akuiseka. Choncho inaitanitsa bwalo la nduna.

"Nduna zanga," inatero mfumu, ikukonza nduwira, "ndamva kuti mitu ya anthu anga ikuyera pamwamba. Ine sizikundikhudza, mukudziwa. Koma mfumu ndi kholo. Ndikufuna kudziwa chimene chikudya tsitsi la mtundu wathu."

Ambiri mwa nduna anali ndi madazi awoawo, ndipo onse anayang'ana pansi, zimene zinangochititsa kuti madaziwo aonekere bwino. Anayamba kuyankha ndi a Kavomere, Nduna ya Zoyamikira, munthu amene ankaomba m'manja mfumu ikayetsemula.

"Wawa, mwini dziko! Funso lakelo, anzanga, mwalimva kukoma kwake? Yankho ndi chipewa. Tsitsi limapuma ngati munthu. Tavundikirani udzu ndi beseni, muone ngati suyera. Zipewa zikutsamwitsa mitu ya dziko lino."

Nduna zinaomba m'manja. Koma pabwalopo anaitanidwanso Dokotala Mwatitha, mayi wamkulu wa chipatala cha mumzindawo, amene anali ndi vuto limodzi lalikulu: akafunsidwa funso ankaliyankha.

"Pepani, mfumu," anatero adokotala, "tsitsi si udzu. Silidya mpweya wakunja, limadyetsedwa ndi magazi kuchokera m'kati. Chipewa sichithothola tsitsi, sopo salithothola, ndipo kumetameta sikulichulukitsa, limangooneka lokhuthala chifukwa ladulidwa. Kuli kuthothoka kwina kumene timachiza. Chipere chili ndi mankhwala ake. Mayi akabereka, kapena munthu akadwala kwambiri, tsitsi limatha kuyoyoka koma kawirikawiri limabwerera lokha. Atsikana olukitsa tsitsi mokoka kwambiri amadula la m'mphepete, ndipo akasiya msanga limamera. Koma dazi la abambo ili n'lakumtundu. Alipo mankhwala amene amalichedwetsa ngati munthu wayamba msanga n'kupitiriza osasiya, koma pamene pasalala kalekale sabwezeretsa nkhalango."

"Lakumtundu?" inafunsa mfumu ndi mawu aang'ono. "Mukunena za kuchikazi, eti? Ndinamva kuti zimachokera kwa amayi basi."

"Ayi, mfumu. Zimachokera konsekonse, kuchikazi ndi kuchimuna."

A Kavomere anadumpha ngati apondera moto. "Mwamva? Akanatukwana mbali imodzi tikanati lilime laterereka. Koma mayiyu wanyoza makolo a anthu mbali zonse ziwiri!"

Tsiku lomwelo Dokotala Mwatitha anakwezedwa pantchito. Anatumizidwa kukayang'anira chipatala cha ku Malirendiuko, kumene kulibe anthu koma anyani, ndipo anyaniwo vuto la tsitsi alibe.

Lamulo linatuluka mawa lake: chipewa chilichonse n'choletsedwa m'dziko la Zilibwino. Wina atafunsa monong'ona za nduwira ya mfumu, boma linafotokoza kuti nduwira si chipewa koma denga la boma. Ndipo poti mlandu waukulu chotere sungakhale wopanda mwini, asilikali anatsikira kumsika wa Nong'onezani n'kukagwira a Gwedeza, mkulu wofatsa amene ankaluka zipewa za mlaza pansi pa mtengo wa mbawa. Tsoka lawo linali lakuti iwo anavala zipewa zawozo kuyambira ali mnyamata, koma tsitsi lawo linali thoo, lodzaza mutu wonse. Munthu wina akanati umenewo ndi umboni wakuti chipewa chilibe mlandu. A Kavomere anaona zina.

"Taonani!" anatero pozenga mlanduwo. "Ogula zipewa zake mitu ili mbee, iye tsitsi mpaka m'makutu. Walitenga kuti lonseli? Si la anthu limeneli?"

Chigamulo chinali chakuti a Gwedeza akakhale kundende ya Khalaniphee kufikira tsitsi litameranso pamitu imene inayera. Aliyense amene anali ndi dazi m'bwalomo anamva chisoni, chifukwa ankadziwa pamutu pake kuti chigamulo chimenecho n'cha moyo wonse.

A Gwedeza anali ndi mkazi, Nangozo, wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika womwewo. Mwamuna anali wa mawu ochepa, ndipo anthu ankati mawu ake onse anatenga ndi mkazi wakeyo. Nangozo anapita kunyumba ya mfumu, anagwada pachipata mpaka mawondo kuchita dzanzi, koma mlonda anangomuuza kuti, "Mayi, zodandaula n'za pa Chimeto." Anapita kundende, ndipo zimene anaona zinamuswa mtima. Mwamuna wake anali ataonda, atakhala pakona, zala zake zikusolola mizere ya mkeka wogonera n'kumailuka, kumasula, kuilukanso.

"Amayi a Tinenenji," anatero a Gwedeza, "musavutike nane. Samalani ana."

"Ndikalankhula pa Chimeto, abambo."

"Mukalankhula nthawi yanji? Pamutu pajatu patsala tsitsi la kuseri kwa makutu. Lumo lidzatha musanatsokomole."

Nangozo anadziwa kuti zinali zoona. Anatuluka misozi ili m'maso, ndipo panjira misoziyo inasanduka ukali.

Apa m'pamene dziko la Zilibwino linaona chinthu chimene sichinachitikepo: boma ndi anthu anafuna chinthu chimodzi. Mfumu inkafuna tsitsi kuti ifanane ndi chitenje. Anthu ankafuna tsitsi lomwelo kuti apeze mpata wonena za mlatho, za denga la sukulu, ndi za a Gwedeza. Kunyumba ya mfumu kunayamba kufika mphatso zopanda dzina: mabotolo a mafuta a nsatsi, mafuta a nsato, zitosi za nkhuku zosinja bwino, ndi kamtengo kena kamene mwini wake analumbira kuti kanameretsa ndevu pa dzungu. Boma linkalandira zonsezi ponena kuti likuziyesa pa nduna m'malo mwa mtundu wonse.

Malamulo nawo sanagone. Kunatuluka lakuti mwamuna aliyense aziima chadodolido m'mawa uliwonse kuti magazi atsikire kumutu. Kunatuluka lakuti sopo asafike pamwamba pa makutu. Kunatuluka lakuti anyezi ndi mankhwala a boma, moti Nangozo ankagulitsa dengu lonse dzuwa lisanakwere, ndipo nduna zikamadutsa anthu ankazidziwa ndi mphuno zisanatulukire pakona.

"Amuna anga aima chadodolido mpaka khosi lapindika," anatero mayi wina wogulitsa mandasi mumsika muja, akuyang'ana uku ndi uku. "Chamera n'chotupa basi."

"Koma zili bwino," anawonjezera mnzake mofulumira.

"Zili bwino kwambiri. Kale ankangokhala ndi dazi. Pano ali ndi dazi ndi chotupa. Ndiye chitukuko chimenecho."

Mkulu wina wogulitsa bonya, wa dazi lonyezimira, anapukuta thukuta pamutu pake pamene dzuwa linali litawamba kale chifukwa chosowa chipewa. "Ine chimene chandiopsa n'china. Anyamata ena akuti m'dazi muli golide. Dzulo wina amandiyang'ana ngati nkhokwe. Ndinamuuza kuti, mwana iwe, mukanakhala golide m'mutu muno, bwenzi ndikugulitsa bonya? M'mutu muno muli nkhawa zokhazokha."

"Ena amati dazi ndi nzeru," anatero wamandasi uja.

"Mwaliona bwalo la nduna, mayi?"

Onse anaseka chamumtima, kenaka anacheuka. Nangozo yekha sanaseke. Chimanga chinali chitauma m'minda, anthu anayamba kukolola, ndipo mdzakazi wa kunyumba ya mfumu amene ankabwera kudzagula anyezi anamunong'oneza kuti pamutu paja zinthu zaipiraipira. Zitosi za nkhuku zinabweretsa zidzolo, ndipo ngakhale tsitsi la kuseri kwa makutu lija linayamba kutsanzika.

Kutatsala pang'ono kuti Chimeto chichitike, mumsika munalowa munthu atadzifunditsa bulangete mpaka m'mphuno, dzuwa lili pamutu. Ankayenda monyang'ama ngati mlendo, koma fungo la anyezi ndi dazi losupuka zinauza msika wonse kuti ndi a Kavomere. Anthu, mwa ulemu wawo, ananamizira kusawadziwa. Munthuyo anazungulira kumene amagulitsa mbuzi, akusisita iyi, kukoka ubweya wa iyo, n'kumapukusa mutu.

"Mukufuna ya ndiwo, bambo mlendo?" anafunsa Nangozo.

"Ayi, mayi. Ndikufuna yakuda bii, ya ubweya wautali. Nyama sindikuifuna."

Nangozo anamuyang'ana, nayang'ana chitenje chimene iye mwini anavala, pamene nkhope ya mfumu inali kumwetulira pansi pa tsitsi lakuda bii. Pomwepo anazindikira chimene ubweyawo unkafunira. Kunyumba kwake kunali tonde wakuda wa manyenje, wonunkha kuposa atonde onse a m'mudzimo, amene a Gwedeza ankakana kumugulitsa.

"Ndili naye, bambo mlendo. Ndipo sindikugulitsani. Mukamumete, ubweya mutenge, tonde mundisiyire. Sindikufunsa kuti n'za chiyani."

"N'za pilo," anatero mlendoyo msangamsanga.

"Ndinadziwa kuti n'za pilo. Ndiye mundimvere ine, poti pilo ndimamudziwa. Musaumire ubweya. Wochepa amaoneka wonamizira, anthu amaloza. Muike wonse, wothithikana. Ndipo pomata musatenge phala la chinangwa, limasweka likauma. Tengani ulimbo weniweni wogwirira mbalame, mupake mokwanira."

"Pilo amamatidwa ndi ulimbo?" anafunsa wamandasi, mlendo atachoka.

"Wa anthu akuluakulu amatero," anayankha Nangozo.

Tsiku la Chimeto bwalo linadzaza, koma anthu anabwera opanda chiyembekezo. Ena sanatseke n'komwe malonda awo, poganiza kuti abwerera madzi a tiyi asanazizire. Mfumu inakhala pamphasa. Kumbuyo kwake kunaima mlongo wake wamkulu, Mayi Ndaziona, amene anaibereka kumsana ili khanda ndipo sankaiopa ngakhale pang'ono. Ng'oma inalira, mfumu inamasula nduwira, ndipo maso onse analunjika pamutu pake.

Pamutu pa Sindilakwa panali nkhalango. Tsitsi lakuda bii linaima m'mwamba, lina linagwera m'makutu, lina linalendewera pankhongo. Kamphepo kanawomba kuchokera kumene kunali mfumu, ndipo mbuzi zazikazi zimene zinamangidwa kuseri kwa bwalo zinayamba kulira. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene sanadziwe chimene ankaona. Koma anthu a ku Zilibwino si opusa. Anayang'ana kuchuluka kwa tsitsilo, anayang'ana kalumo kali m'manja mwa Mayi Ndaziona, ndipo nthungululu imene inaphulika pamenepo sinamvekepo chiyambire ufumuwo.

"Lamera! Lamera! Mfumu ya tsitsi!"

Mfumu inamwetulira mpaka mano a m'mbali. A Kavomere anaimirira n'kulengeza kuti tsitsili lakhala lilipo nthawi zonse, kungoti chaka chino laonekera bwino chifukwa cha malamulo anzeru a boma.

Mayi Ndaziona anawerama, ananunkhiza, n'kulankhula motsitsa kuti imve mfumu yokha. "Achimwene, tsitsi lanuli likununkha khola."

"Metani, achemwali."

"Ndimeta. Koma tamvani. Ndikhoza kuligwira apa n'kulisenda kamodzi ngati chikopa, lonse lichoke, tizipita kunyumba anthuwa asanatsegule pakamwa. Kapena ndilimete ngati tsitsi, pang'onopang'ono, ulimbo ukugwira lumo. Sankhani nokha."

Mfumu inayang'ana khamulo. Kulikonse inkaona nkhope yake pazitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri inkafanana nayo.

"Ili ndi tsitsi langa. Limeteni ngati tsitsi."

"Mwanena nokha," anatero Mayi Ndaziona, n'kuika lumo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu wa tsiku limenelo unali utakula kuposa kale lonse. Mkulu wa mlatho uja anaimirira, anapereka moni wake wonse mosafulumira, anafunsa za ana ndi za kunyumba, kenaka anafotokoza za mlathowo kuyambira tsiku limene unakokoloka. Atakhala pansi, Mayi Ndaziona anali akupukutabe ulimbo palumo, atangolambula kadera kosakwana chikhatho. Anaimirira mphunzitsi za denga la sukulu. Anaimirira mzamba kufunsa chifukwa chimene dokotala wa anthu akuchizira anyani. Anaimirira wabonya kuonetsa dazi lake losupuka ndi dzuwa. Amene anasiya malonda osatseka anatuma ana kukatseka ndi kubweretsa madzi akumwa. Mfumu inayankha aliyense, poti mwambo umatero, ndipo inalonjeza zinthu zambiri kuposa zimene inalonjeza chilowere ufumu.

Dzuwa linafika paliwombo. Ulimbo unayamba kusungunuka n'kumatsikira m'khosi mwa mfumu. Ntchentche zinabwera kudzaona, ndipo zimene zinatera sizinathe kuuluka. Apo m'pamene Nangozo anaimirira, anakonza chitenje chake, nagwada pang'ono. Mawu ake anamveka mpaka kumapeto kwa bwalo.

"Zikomo mfumu. Ine ndine Nangozo, mkazi wa a Gwedeza oluka zipewa, amene ali ku Khalaniphee. Ndabwera kudzayamikira tsitsi lanu. Ndi lokongola, mfumu. Ndikamaliona ndikumva ngati ndikulidziwa."

Wina kumbuyo anatsokomola kwambiri. A Kavomere anayamba kuyang'ana nyerere pansi.

"Ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Amuna anga anamangidwa chifukwa chovala kumutu chimathothola tsitsi, ndipo anauzidwa kuti adzatuluka tsitsi likameranso pamene panayera. Tsono ngati pamutu panu panayerapo ndipo lero lamera, ndiye kuti chigamulo chakwanira, atuluke."

"Pamutu panga sipanayerepo!" inakuwa mfumu, lumo n'kuidula pang'ono.

"Khalani phee, achimwene," anatero Mayi Ndaziona.

"Pepani mfumu, ndalakwa ine," anapitiriza Nangozo. "Sipanayerepo. Ndiye taonani chodabwitsa. Inu mumavala nduwira tsiku lililonse, nsalu yokulunga kangapo yosalowa ndi mphepo yomwe, ndipo tsitsi lanu ndi ili likutopetsa lumo. Anduna a Kavomere sanavale chipewa chilengezere lamulo, ndipo mutu wawo ndi uwo tikudziyang'anirapo. Chipewa cha amuna anga n'cha mlaza, chobowokabowoka. Chingathothole bwanji tsitsi pamene nduwira yalephera? Ndiye ngati linathothoka n'kumera, atuluke. Ngati silinathothokepo, alibe mlandu, atuluke. Njira yachitatu ine sindikuiona, mfumu. Mwina anduna akuidziwa. Ine ndingofulumira kunyumba, chifukwa tonde wanga masiku ano akumva kuzizira."

Lumo linapitiriza kukhwekhwereza mu ulimbo. Mfumu inayang'ana a Kavomere, a Kavomere anayang'ana kumwamba. Njira yachitatu, yovomera kuti tsitsilo n'la tonde, inalipo, ndipo inali pamutu pa mfumu, theka lometedwa, theka likudontha.

"Chovala kumutu," inatero mfumu pang'onopang'ono, "sichithothola tsitsi. Ine ndakhala ndikudziwa zimenezi kuyambira kale. Ndimafuna ndione ngati nduna zanga zikudziwa. Kamutulutseni munthuyo. Ndipo dokotala uja abwere, anyani achira."

"Wawa! Nzeru zakuya!" anafuula a Kavomere, akuomba m'manja kuposa onse.

Nangozo anadziphimba kumaso ndi manja. Anangokhala pansi n'kulira, amayi anzake akumugwira mapewa.

Kumeta kunatha dzuwa litapendeka. Mutu wa mfumu unatsala wofiira, wa zidzolo, wonata, moti nduwira sikanatheka kuvalidwa popanda kumatirira mpaka chaka chamawa. Dzuwa linkaulasa, ndipo mfumu inkaphethira ngati mwana wofuna kulira. Nthawi yomweyo asilikali anafika ndi a Gwedeza, owonda, akutsimphina, m'manja atanyamula kanthu kamene analuka ndi mizere ya mkeka wa kundende. Anayang'ana mutu wa mfumu ndi diso la mmisiri, anagwada, n'kupereka.

"Dzuwa silidziwa ufumu, mfumu. Valani ichi, chimapitisa mphepo."

Mfumu inavala. Mawa lake boma linalengeza kuti chipewa cha mlaza ndi chovala cha makolo athu chimene Mfumu Sindilakwa yachitsitsimutsa.

Dokotala Mwatitha atabwerako anaitanidwa mwamseri kuti aone mutu uja. Anapereka mankhwala a zidzolo, analetsa zitosi za nkhuku, ndipo ananenanso zomwe zija: pamene pasalala kalekale sipamera, koma dazi si matenda, munthu amakhala nalo mpaka kukalamba ali bwinobwino. Akuti mfumu inamvetsera, inapumira m'mwamba, n'kufunsa kuti, "Nanga chaka chamawa anthu akadzaona kuti nkhalango ija kulibe, adzati chiyani?" Adokotala anati limenelo si funso la chipatala.

Ndiye mpaka lero ku Zilibwino mfumu sinakhalepo ndi dazi, ndipo palibe munthu amene angayerekeze kunena kuti ili nalo, chifukwa wonena zimenezo angamenyedwe ndi anthu asilikali asanafike. Denga la sukulu linakhomedwa. Zipewa za a Gwedeza zikugulidwa mpaka ndi nduna. Ndipo kuseri kwa nyumba yawo kuli tonde wakuda amene amadya bwino kuposa mlonda wa pachipata cha mfumu. Amsika amamutumizira madeya, masamba a kabichi ndi makoko a nthochi, wabonya amabwera kudzamuona ngati akutsokomola. M'mawa uliwonse Nangozo amamupesa ubweya ndi chipeso chake chomwe, kuuyeza ndi zala, kenaka n'kumukankhira mbale pafupi.

"Idyani, bambo, idyani," amatero. "Mlatho uja sanamangebe."